Leti Asachoke pa Sukulu

Joni, 14 Juni 1909

Amake Yosefe,

Moni kwa inu ndi mwana wathu Yosefe, moni kwa apongozi ndi alamu anga a Pilato. Kaya muli bwanji uko? Ine ndafika, ndili moyo. Amene akundilembera ndi Morton wa ku Thuchila, timagona chipinda chimodzi. Iyeyu anaphunzirako ku mishoni asanabwere kuno. Inu kalatayi mupite nayo kwa aphunzitsi a Elson akakuwerengereni, ndipo mawu anu oyankha akalembe iwo omwewo.

Ulendo unali wautali. Pa sitima ya panyanja tinasanza mpaka m'mimba munauma. Awiri amene tinanyamukira limodzi pa Boma anatsala panjira. Mayina awo sinditchula, abale awo amvere kwa ena. Kuzizira kwa kuno si chiperoni chathu chija ayi. Madzi ukawasiya panja m'chitini, m'mawa umapeza asanduka mwala.

Timakhala m'komponi, nyumba zolumikizana kuzungulira bwalo, chipata chimodzi, pachipatapo apolisi. Kuti utuluke pamafunika pasa. Ntchito yanga ndi ya nyundo. Timatsikira pansi kusanache, aliyense ndi nyundo ndi chitsulo chake, kuboola mwala. Bowo likakwana mzungu amadinda tikiti yako, ndiye kuti tsikulo lawerengedwa. Matikiti a chaka akakwana, ndibwera. Zina za pansipo si zolembetsa munthu wina.

Ndalama zambiri amatisungira, akuti tidzalandirira pa Boma pobwerera, ndiye musayembekezere zambiri. Ndatumiza ya msonkho. Udzu wa denga mumwete msanga moto usanalowe m'dambo. Nandolo musagulitse yense. Mbuzi yaikazi ija isaphedwe, ngakhale kugwe maliro.

Yosefe ayambe sukulu kwa a Elson, asamangosewera kumtsinje. Leti, mwana wa malemu mlongo wanga uja, azikuthandizani madzi ndi nkhuni, asachite ulesi poti ine kulibe. Ndikudziwa kuti pamudzi panupo ndi mlendo ngati ine ndemwe, koma kwina kopita alibe.

Ndine mwamuna wanu,
Isake Makawa


Joni, 3 Okutobala 1909

Amake Yosefe,

Moni nonse. Kalata yanu yandipeza. Ndakondwa kumva kuti apongozi mwendo uja wachira ndiponso kuti mbuzi yaswa. Ine ndilipo, kachifuwa pang'ono basi, ka fumbi. Aliyense kuno ali nako.

Za matekenya a Yosefe zandidandaulitsa. Muziwazula ndi munga asanakhwime. Mwati poti sangaponde pansi, Leti ndiye amamubereka kupita naye ku sukulu. Akuchita bwino.

Tsopano aphunzitsi, mawu awa ndi anu, koma muwerenge mokweza ndithu kuti onse amve. Ndamva zimene munawonjezera pansi pa kalata. Mwati Leti akatula Yosefe sabwerera kunyumba, amakhala kuseri kwa chipupa, ndipo tsiku lina munamupeza akulemba padothi ndi kamtengo zimene munkaphunzitsa m'katimo. Mwati mutamuitana anathawa, kuyesa kuti mukufuna kumukwapula, ndiye mawa lake munangomusiyira sileti pazenera osanena kanthu, iye n'kuitola. Mukupempha kuti alowe m'kati. Zikomo aphunzitsi, koma ine sindikuonapo phindu. Mwana wamkazi akadziwa a, e, i, kenaka n'chiyani? Khasu lomwelo, mtondo womwewo. Nanga madzi atunge ndani? Amake Yosefe ali okha. Musiyeni.

Koma pali china munalemba chimene chandikhala pamtima. Mwati mwanayo amavala chiguduli, ndipo ana amamuthawa kuti akununkha mbuzi chifukwa amagona kukhola. Amake Yosefe, kodi n'zoona? Sindikukalipa ayi, ndikungofunsa. Nsalu ya biriwita imene ndinasiya kuti ikhale yake inapita kuti? Ndatumiza masheleni awiri, mukagule ina kwa Mmwenye. Ndipo azigona m'nyumba, mvula yayandikira.

Kuno ndaphunzira chinthu. Bowo likaperewera ngakhale pang'ono, mzungu sadinda tikiti. Wagwira tsiku lonse, koma tsikulo kulibe. Ndinafunsa induna wathu, amene amatiyang'anira m'komponi muno, kuti, "Nanga thukuta langali lapita kuti?" Iye anati, "Kafunse mwala." Ndipo mwala wa mbali yathu ndi wouma kwabasi.

Ndine wanu,
Isake


Joni, 20 Malichi 1910

Amake Yosefe,

Ndikupatsani moni, inu ndi onse a pakhomo. Pepani ndi chinangwa chimene madzi akokolola. Mbeu ina mukapemphe kwa apongozi, musachite manyazi. Ine ndili bwino, ndikutsika ndi kukwera monga mwa masiku onse.

M'kalata yanu munali kapepala kena kakang'ono. Morton anakatembenuza n'kuseka, amvekere, "Isake, aka si ka aphunzitsi ayi, zilembo zake zikuyenda chammbali ngati nkhanu." Anawerenga: "Amalume moni. Ndine Leti. Ndili bwino." Ndinamuuza kuti abwereze. Anabwereza mpaka anatopa nane. Ndinamufunsa pamene pali mawu akuti amalume, anandilozera ndi chala, ndipo ndimapayang'ana ndikaweruka. Mwana ameneyu sindinamumvepo akunena mawu atatu otsatizana. Pakhomo ankangoti ee, kapena iyayi, maso ali pansi.

Ndiye kuti aphunzitsi simunandimvere. Ndikanakhala pafupi bwenzi titakangana. Koma imvani. Chipinda choyandikana nafe muli bambo wina wa ku Koloni, dera la kumwera kwa dziko lino, wamkulu ndithu. Amalandira makalata olemba mwana wake wamkazi, ndipo akuti mwanayo ndi mphunzitsi kwawoko, amalandira malipiro ngati mwamuna. Poyamba ndinkayesa bodza mpaka anationetsa. Kalata ikabwera amakhala yekha padzuwa n'kumamwetulira, pakati pawo palibe wachitatu. Ine mawu anga amadutsa m'makutu mwa Morton ndi pakamwa panu asanafike kwa mkazi wanga. Nonse ndinu anthu abwino, koma pali zina munthu umangomeza. Ndikufuna mbali imodzi yokha pakhale wa magazi anga.

Choncho ndasintha. Leti alowe m'kati, akhale pa benchi ngati anzake. Amake Yosefe, musakwiye. M'mawa sukulu, masana madzi ndi nkhuni monga kale. Nthawi yolima ndidzatumiza ya waganyu. Mwati amayi kuchitsime akukusekani kuti mukuweta dona. Asiyeni aseke, mano ndi awo.

Aphunzitsi, mwati munamuuza ana onse akumva kuti, "Leti, mutu uli nawo, usamaubise," iye n'kuyamba kulira, inu n'kudabwa kuti mwalakwitsa pati. Simunalakwitse. Chimwalirireni amake palibe amene anamuuzapo kuti ali ndi kanthu.

Chaka changa chinayenera kutha mu Juni, koma matikiti akutsalira m'mbuyo. Mwina Ogasiti.

Wanu,
Isake


Joni, 28 Ogasiti 1910

Amake Yosefe,

Moni. Kaya Yosefe ali bwanji, kaya apongozi? Ine ndinali m'chipatala cha komponi, koma ndatuluka. Mwala unagwa. Salehe, amene tinkaboola moyandikana, sanatuluke. Ine ndi dzanja lamanzere lokha, za zala mudzaona nokha. Masiku ogona m'chipatala sawerengedwa. Ku nyundo andichotsa, tsopano ndikukankha ngolo, ndipo malipiro ake ndi otsika. Ogasiti uja ndi uno, ndidakali pano.

Zimenezo zikhale apo. Chimene chandiwawa kuposa dzanja ndi ichi. Ndamva kuti alamu a Pilato amuchotsa Leti pa sukulu kuti azikalima thangata kumunda wa mzungu m'malo mwa akazi awo. Ndamvanso kuti kapitawo wa kumundako wayamba kufika pakhomo, lero ndi mchere, mawa ndi mikanda, ndipo akulonjeza kuti akapatsidwa mwanayo kuti amukwatire, a Pilato azipuma ku thangata. Munthu wa akazi awiri, imvi zili mbuu! Leti ngakhale msinkhu sanathe.

Alamu, ndikulankhula ndi inu tsopano. Pamudzi panupo ine ndine mkamwini, ndikudziwa. Munda ndi wanu, nyumba yanga ili padothi panu. Mukanena za Yosefe sindingatsutse, mwini mbumba ndinu. Koma Leti ndi wa mlongo wanga. Mbumba yanga ndi yomweyo, mmodzi yekhayo. Mcherewo mubweze. Ngati mwathira kale m'ndiwo, ndiuzeni, ndibweza ine. Leti asachoke pa sukulu.

Amake Yosefe, inu munali pomwepo. Sindikufunsani chifukwa chimene munakhalira chete, a Pilato ndi achimwene anu. Koma mwanayo anakuberekerani Yosefe miyezi yonse ija.

Ndinapita kwa mzungu wa komponi kukapempha kuti andimasule, kwathu kuli mlandu. Anayang'ana induna, induna n'kuti, "Aliyense muno kwawo kuli mlandu." Pasa sanandipatse. Alipo ena amadumpha mpanda, koma kwathu n'kutali, pakati pali nyanja, ndipo ogwidwa amabwera nawo atamangidwa, kundende kaye, kenaka pansi pomwepo. Ndikungozungulira m'bwalo muno ngati mbuzi ya pachingwe.

Ndayankhula. Muyankhe msanga.

Isake Makawa


Joni, 11 Disembala 1910

Aphunzitsi a Elson,

Iyi ndi yanu nokha, musapite nayo kumudzi. Moni kwa inu ndi mayi a kunyumba, a Emma. Ine ndikuyenda, dzanja lapola ngakhale silifumbata.

Ndamva zonse. Mwati mutawerenga kalata yanga ija a Pilato anaimirira n'kunena kuti, "Pepala sililankhula. Akulankhula apa ndi aphunzitsiwa, Isake sangatinyoze chonchi." Ndiye kuti ine ndilibe pakamwa. Ndikakhala chete akuti ndavomera, ndikalankhula akuti si ine.

Mwati Leti anafika kwanu tsiku lina pochokera ku thangata, manja ali matuza okhaokha, n'kutula sileti pakhonde, amvekere, "Aphunzitsi tengani, mupatse wina." Inu munakana, munati, "Sileti imeneyi ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo sanamalize." Mwati kuyambira pamenepo amadzera kwanu poweruka, a Emma n'kumamupatsa madzi osamba ndi mbatata, inu n'kumamuphunzitsa kanthawi asanamusowe kunyumba. Morton atawerenga pamenepa ndinatuluka panja kaye.

Tsopano mukuti ku mishoni kuli nyumba ya atsikana, amagona konko, amaphunzira kuwerenga, masamu ndi kusoka, ndipo kapitawo sangalowemo. A Emma ali okonzeka kumuperekeza, koma popanda mawu a malume ake sangamulandire. Mawu anga ndi awa: ndavomera. Pansi pa kalatayi ndadinda chala changa ndi mwaye wa nyali, mukaonetse kumeneko. Komanso Samueli wa ku Muloza akunyamuka sabata ino, matikiti ake akwana. Ndamuuza zonse pakamwa. Adzafika pamudzipo adzanene pamaso pa anthu kuti anamva ndi makutu ake, tione ngati a Pilato adzatinso Samueli ndi pepala. Koma musadikire kuti chimanga chiche. Inu nomwe mwati akufuna kumulowetsa ku chinamwali mvula ikangotha, potuluka n'kumupereka.

Ndikudziwa kuti zikugwerani. Ena adzachotsa ana awo pa sukulu, ndipo mudzayenda anthu akukulozani zala. Chokubwezerani ndilibe.

Za ine, matikiti anakwana mwezi wathawu. Ndinaima pa mzere wa opita kwawo, n'kuchokapo. Ndalembetsanso chaka china. Akunyumba musawauze, ndiwauza ndekha. Ndinaganiza chonchi: ndikabwera ndikakhala pansi pa kapitawo yemweyo, ndi khasu limene sindingathe kuligwira, ndikudya nsima ya a Pilato. Munthu wotero mawu ake amamveka pati? Pamene ku mishoni kukafunika nsalu, bulangete ndi kangachepe ka pachaka. Zimenezo zili kuno, pansi. Morton anandikalipira, anati, "Wapenga iwe, ndi chifuwa chimenechi?" Ndamuuza kuti alembe zomwezo, ndipo walemba.

Ndine wanu wothokoza,
Isake


Joni, 7 Meyi 1911

Amake Yosefe,

Moni kwa inu, moni kwa Yosefe. Miyezi yapita osamva mawu anu. Kaya akuwerengerani ndani kalatayi, poti ndamva kuti kwa aphunzitsi munasiya kupondako.

Za kumeneko ndikumvera kwa iwo. Samueli anafika, ananena. Leti ananyamuka ndi a Emma wapansi, kamtolo pamutu, ndipo ku mishoni anamulandira. Kapitawo anakwiya, a Pilato wawachulukitsira ntchito, ndipo mkwiyo wonsewo ukutsikira pa inu. Yosefe mwamuchotsa pa sukulu, ndi ana enanso achoka, mabenchi angotsala okha. Akuti munanena kuti, "Isake wasankha mwana wa mlongo wake, ndiye azidya mapepala omwewo."

Sindinasankhe pakati pa inu. Panali mwana mmodzi amene ankamira, ndinagwira ameneyo.

Kuti ndinalembetsanso chaka china munamva kale kwa Samueli. Ndinayenera kukuuzani ndekha. Ndamvanso kuti abale anu akuti mkamwini wosaoneka zaka ziwiri ndi wakufa, mumasulidwe mukwatiwe kwina. Ndili kuno sindingatseke chitseko cha nyumba imene ili uko. Ndikungopempha kuti mudikire mvula imodzi yokha. Ndipo Yosefe abwerere kwa aphunzitsi, iye sanalakwe kanthu.

Ya msonkho ndatumiza, ndi ina pang'ono ya mchere. Kuzizira kwayambanso. Chifuwa chija chilipo. Kansalu kamene ndimatsokomolera ndimachapa ndekha, Morton asakaone, koma poti ndanena wamva.

Ndidakali mwamuna wanu,
Isake


Joni, 18 Febuluwale 1912

Leti, mwana wa mlongo wanga,

Moni iwe. Moni kwa aphunzitsi ndi a Emma ukawaona. Iyi ndi yako, uwerenge wekha, palibe wokuwerengera.

Kalata yako yafika, masamba awiri odzaza mbali zonse. Morton nthawi ino sanaseke. Anawerenga pang'onopang'ono, pomaliza anati, "Isake, uyu wandipitirira." Anthu a m'chipinda chathu anabwera kudzaiona, ngakhale a ku Inyambane amene samva Chinyanja. Bambo wa ku Koloni uja anapita kale kwawo, ndikanamuonetsa.

Wati tsopano m'mawa amakupatsa tiana tating'ono kuti uziphunzitsa, ndipo tina timakutcha aphunzitsi, iwe n'kumacheuka kuyesa kuti akuitana wina. Zolowera. Wati pa Khirisimasi unapita kumudzi ndi a Emma, ndipo unapeza kalata yanga ya mu Meyi itatsomekedwa kudenga, yosatsegula, yakuda ndi utsi. Unapempha kuti uwerenge. Azakhali ako, amake Yosefe, anakhala pamphasa kumvetsera mpaka pomaliza, kenaka anakuphikira nandolo, ndipo pochoka anakuperekeza mpaka pamtsinje. Wati a Pilato anakufunsa kuti, "Ndiye zimene zili papepalazo ukuziona ndi maso akowa?" iwe n'kuti, "Inde, bwerani ndikulozereni," iwo n'kuchokapo. Pamenepa ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Yosefe wabwerera pa sukulu, ndipo nyumba yanga sanagwetse. Zimenezo wachita ndiwe. Ine makalata anga onse analephera.

Wati ukufuna kudzalemba mayeso a uphunzitsi, koma ena akuti kwa mtsikana pamene wafikapo pakwana, ukwatiwe ndi mnyamata wa mpingo basi. Wati aphunzitsi a Elson anati adzakuyenderera mpaka akulole. Mvera iwowo. Anaona iwe uli kuseri kwa chipupa, nthawi imene tonse tinkangoona wotunga madzi. Ukwati sukuthawa. Ukadzaufuna, udzasankhe wekha, ndipo wofunsira adzayambe wafika kwa aphunzitsi ndi a Emma, ndawapatsa malo anga.

Wandifunsa kuti, "Amalume, mubwera liti?" Sindikunamiza. Pansi sinditsikanso. Ndili pamwamba, ndimasesa m'bwalo, masiku ena ndimangokhala padzuwa. Dokotala anagogoda pachifuwa, anamvetsera, n'kunena kuti gulu la odwala obwezedwa kwawo likamanyamuka mwina ndikhalamo, ngati ndingathe kuima pa mzere. Gulu lapitalo sindinathe. Lina akuti mu Epulo. Chipata chija ndimachiona tsiku lililonse, chili pafupi, munthu ungaponye mwala n'kufika.

Morton naye matikiti ake akutha mu Epulo momwemo. Akachoka, muno mulibe wina wolemba Chinyanja. Makalata akasiya kubwera usadzati amalume andiiwala.

Ndili ndi bokosi la malata. Muli bulangete la azakhali ako, jekete ya Yosefe, ndi nyali ya galasi ya aphunzitsi. Zako ndi nsapato, ndi botolo la inki ndi zolembera zake. Phazi lako ndangoyerekeza, ndinakusiya uli wamng'ono. Zikakula uikemo nsanza kutsogolo.

Ukadzaona ine ndi bokosilo, udzathamange udzandilandire katundu, chifukwa phiri lathu lija ndidzaliona ndili wefuwefu. Ukadzaona Morton yekha ndi bokosilo, upite kumudzi, ukalire ndi azakhali ako monga mwa mwambo, koma maliro akatha usakagonenso. Adzakuuza kuti pakhomo pasowa munthu. Ubwerere kwa tiana tako.

Kiyi ndamupatsa Morton, wamumanga m'khosi. Ndamuuza kuti asapereke kwa a Pilato, asapereke kwa wina aliyense. Udzatsegule ndiwe, udzagawe ndiwe.

Ndine malume ako,
Isake Makawa